Funsani Mmisiri: laputopu yakale yayamba kutentha chiikireni zida zatsopano

Makalata a mwezi uno akhala ngati munachita kupangana. Ambiri akudandaula chinthu chimodzi: munthu wakonzetsa laputopu yake yakale, waikitsa SSD (chosungira mafailo chamakono cholowa m'malo mwa hard disk) kapena wawonjezera RAM (pamene makina amaika ntchito imene akugwira pa nthawiyo), ndiye akuona ngati yayamba kutentha kuposa kale. Sindikudabwa. Tili mu Okutobala, malata akuthetheka okha masana, ndipo fumbi lonse limene makina anu ameza chiyambire Juni lili m'katimo. Ndasankhapo makalata asanu ndi imodzi. Madigiri onse amene nditchule ndi a Celsius, omwe aja amatchula a zanyengo pa wailesi.

Amisiri, ndine mphunzitsi pa sekondale ina kuno ku Balaka. Ndili ndi Dell Latitude E6420 imene alamu anga ananditumizira kuchokera ku Joni. Mwezi watha ndinaikitsa SSD ya 240GB m'malo mwa hard disk, RAM nayo anaiwonjezera kuchoka pa 4GB kufika pa 8GB. Kuthamanga ndiye ndilibe nako mawu. Koma mwana wanga wandiikira pulogalamu yoyezera kutentha ya Core Temp, ndipo ikusonyeza madigiri 52 ndikangoisiya, 60 ndikamalemba mayeso, koma ndikatsegula YouTube imafika 85, nthawi zina 88. Fani nayo ikulira kwambiri. Kodi zimene ndinaikitsazi ndi zimene zikuotcha? Ndizichotse isanapse?
*Mphunzitsi, Balaka*

Aphunzitsi, musachotse kanthu. Ndalama zanu zinapita pabwino, ndipo laputopu yanu siili pafupi kupsa.

Aliyense wobwera pa benchi yanga ndi dandaulo limeneli ndimayamba ndamufunsa kuti: musanaikitse SSD, inkafika madigiri angati? Ambiri amangondiyang'ana. Sanayezepo. Pulogalamu yoyezera anaiika zida zatsopano zitalowa kale, ndiye nambala yoyamba imene aiona amaisenzetsa SSD. N'kutheka ndithu kuti makina anu akhala akufika 85 kwa zaka zitatu, inu osadziwa.

SSD siitentha kuposa hard disk imene munachotsa. Hard disk ili ndi kamota kamene kamazungulitsa timbale ka 5,400 kapena 7,200 pa mphindi. Mu SSD mulibe chozungulira chilichonse, ndipo ikakhala chete imadya magetsi osakwana wati imodzi. RAM imene mwawonjezerayo imadya wati imodzi kapena awiri. Tsono yerekezani ndi purosesa, ubongo wa makinawo. Ma E6420 ambiri amene ndatsegulapo ali ndi Core i5-2520M ya mu 2011, imene Intel inaiwerengera mawati 35. Mbaula ya m'nyumbamo ndi imeneyo, zinazo ndi makandulo chabe.

Komabe sindikunena kuti mukulota. Taganizirani chigayo chimene wothira chimanga wake ndi waulesi: athira pang'ono, apuma, athiranso. Mota ya chigayocho siitentha chifukwa nthawi yambiri ikungozungulira yopanda katundu. Hard disk yanu inali wothira waulesi uja, ndipo purosesa inkakhalira kudikira. Pano mwabweretsa mnyamata wachangu amene sakusiya ndowa pansi. Purosesa ikugaya mosalekeza, n'chifukwa chake fani mukuimva msanga. Ndiponso ngati anakuikirani Windows yatsopano pa SSD ija, masiku awiri atatu oyambirira imakhala yotanganidwa ndi zake, kukoka ma update ndi kuwerenga mafailo, inu musanakhudze n'komwe.

Manambala amene ndimayembekezera pa laputopu ya msinkhu umenewu, ili patebulo m'chipinda cha madigiri 25 mpaka 30, ndi awa. Ikangokhala, 40 mpaka 55. Mukamalemba kapena kuwerenga pa intaneti, 50 mpaka 65. Vidiyo, Zoom ndi zina zotere zimaifikitsa 65 mpaka 80. Mukaipanikiza mpaka mapeto, 80 mpaka 90 si zachilendo pa makina opyapyala chonchi. Ikamakhazikika pamwamba pa 90 kwa mphindi zambiri, pamenepo ndiye ndimatenga sikuludiraiva. Malire amene Intel inaika pa purosesa yanu ndi madigiri 100. Ikafika pamenepo imadzichepetsera yokha liwiro, zimene amisiri timati throttling, ndipo zikakanikabe imazimitsa laputopu yonse kuti isawonongeke. Purosesa yofa ndi kutentha ndimaiona patalipatali. Zimene zimatopa ndi kutentha kwa tsiku ndi tsiku ndi batire, fani ndi tizida ting'onoting'ono ta pa bolodi.

Nkhani ya YouTube ili ndi chifukwa chake chapadera. Purosesa yanu ili ndi kachigawo kamene kamamasulira vidiyo mosavutikira, koma kamadziwa kalembedwe ka nthawi yake, ka H.264. YouTube masiku ano imakonda kutumiza mavidiyo mu VP9 kapena AV1, zimene purosesa ya 2011 inabadwa isakuzidziwa. Ndiye imasenza ntchitoyo ndi mphamvu zake zonse, thukuta lili kamukamu. Muuzeni mwana wanu akuikireni kapulogalamu ka h264ify mu Chrome kapena Firefox, kamene kamauza YouTube kuti itumize H.264. Tsitsaninso vidiyo ifike pa 720p kapena 480p. Mudzaona nambala ikugwa, ndipo bandulo nayo idzakhalitsako.

Chimene chandikayikitsa m'kalata yanu si 88 ayi, koma 52 ija. Kwa makina ongokhala, ili chakumtunda kwa manambala ndatchula aja, ngakhale Balaka timaidziwa kutentha kwake. Chitani izi. Ikamaonetsa vidiyo fani ili kulira, ikani dzanja kumanzere kumene kumatulukira mpweya. Ngati fani ikulira kwambiri koma mpweya ukungotuluka mwaulesi, njira yatsekeka. Pakati pa fani ndi tizitsulo tokhala ngati chipeso pamaunjikana fumbi, ubweya wa bulangete ndi tsitsi, mpaka kupanga kansanza kolimba kamene mungathe kukanyamula ndi zala kosaduka. Ndatulutsamo ngakhale mphemvu zouma. Kupemerera kuchokera kunja sikuchotsa kansanza kameneka, kumangokakankhira m'fani. Ngati mpweya ukutuluka wamphamvu koma wofunda pang'ono chabe, pomwe nambala ikudumpha kuchoka pa 55 kufika pa 90 m'masekondi owerengeka, ndiye kuti kutentha sikukuchoka pa purosesa. Pesiti, kaphala kopakidwa pamwamba pa purosesa kuti kutentha kuzidutsa bwino, yauma, kapena kapaipi ka mkuwa kamene kamanyamula kutentha katha ntchito. Koma ngati mpweya uli wamphamvu, wotentha, ndipo mukatseka vidiyo nambala ikubwerera m'ma 50 pasanathe mphindi ziwiri, makina anu ali bwino.

Amene anakuikirani SSD sanafunike kufika pa fani, chifukwa hard disk ya E6420 imasololoka m'mbali. Ndikukayika ngati anapukutamo. Abwerereni, apempheni atsegule chivundikiro chapansi, achotse fumbi ndi kuika pesiti yatsopano inu mukuona.

Ndisaiwale: Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo purosesa yanu siili pa mndandanda wa zovomerezeka pa Windows 11. Ena akuikakamiza, koma pa makina ngati anuwa ine ndimakonda kuikamo Linux Mint m'malo mwa Windows. Imapepuka, ndipo mayeso mungalembe mu pulogalamu yolembera ya LibreOffice popanda vuto.

Achimwene, achemwali anga ali ku America ananditumizira laputopu, ndipo ine ndangowonjezera RAM. Pulogalamu yoyezera kutentha imene inalimo kale ikuti 140. Ndaizimitsa, sindinaiyatsenso.
*Wodandaula, Dedza*

Iyatseni, achimwene. Ku America amayeza ndi Fahrenheit, ndipo 140 yawo ndi 60 yathu. Purosesa siingafike madigiri 140 a Celsius ili yoyaka, ikanazima kalekale. Lowani mu Settings ya pulogalamuyo musankhe chilembo C m'malo mwa F.

Amisiri, pesiti ikusowa kuno kwathu. Mnzanga akuti iye amangopaka Colgate ndipo zimayenda. Ndiyese?
*Mnyamata wa pa Jenda*

Mwachita bwino kufunsa, mphwanga, paja safunsa anadya phula. Musayese. Mnzanuyo sakunama kuti tsiku loyamba zimayenda, chifukwa mankhwala otsukira mano ali ndi madzi, ndipo akadali onyowa amadutsitsako kutentha. Koma pa madigiri 80 amauma m'masiku ochepa n'kusanduka choko, ndiye mumabwerera poipa kuposa pamene munali. Girisi wa njinga nayenso ayi.

Pamwamba pa purosesa ndi pansi pa heatsink (chitsulo chogona pa purosesa chimene chimatenga kutentha kwake) pamaoneka posalala, koma pali timaenje tosaoneka ndi maso momwe mumatsalira mpweya, ndipo mpweya sudutsitsa kutentha. Ntchito ya pesiti ndi kudzaza timaenjeto basi. N'chifukwa chake yochuluka siithandiza. Kadontho konga kambewu ka mpunga n'kokwanira pa purosesa ya laputopu. Ine ndimagwiritsa ntchito Arctic MX-4 chifukwa siidutsitsa magetsi, ndiye ikatayikira m'mbali siiwononga kanthu, ndipo kachubu kamodzi ka magalamu 4 kamakwanira malaputopu ambiri. Tumani munthu wopita ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Mpaka ifike, musatsegule heatsink. Pesiti yakale yosakhudzidwa ili bwino kuposa yakale imene mwaimatula n'kubwezeranso.

Ikafika, zulani chaja ndi batire musanakhudze chilichonse. Pukutani yakale yonse ndi kansalu kopanda ubweya koviika mu isopropyl, kapena sipiriti ngati ndi amene alipo, mudikire paume. Pa heatsink pali manambala 1, 2, 3, 4 pafupi ndi masikuluwu. Tsatani manambalawo, kumanga pang'onopang'ono mozungulira ngati mmene timamangira tayala la galimoto, osati kumaliza imodzi n'kupita pa ina. Mukapendeketsa, mudzaona mu Core Temp kuti core imodzi (kachigawo ka purosesa kogwira ntchito pakokha) ikuposa inzake ndi madigiri opitirira 10. Mukapeza timapilo tofewa pa tizida tina, musatichotse n'kupakapo pesiti. Timapiloto timatseka mpata waukulu umene pesiti siingatseke. Popemerera fani, igwireni ndi chala isazungulire.

Bambo Mmisiri, ndimajambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe. Ndili ndi ThinkPad T430. Ndinachotsa i5-3320M n'kuikamo i7-3720QM imene ndinaitanitsa kunja, pesiti yatsopano ndinaikanso. Ndikamatulutsa vidiyo ikufika 98 mpaka 103, ndipo kawiri konse yazima ntchito ili pakati. Chaja ndi chomwe chija cha 65W. Ndinalakwitsa pati?
*Wojambula, Ndirande*

Apa ndiye pali nkhani yeniyeni, achimwene, chifukwa mwa onse amene alemba mwezi uno, inu nokha ndi amene mwawonjezeradi moto m'makina.

Purosesa imene munachotsa ili ndi ma core awiri ndipo ndi ya mawati 35. Imene mwaikayo ili ndi anayi, ndi ya mawati 45, ndipo ikamathamanga ndi Turbo Boost, njira yake yodziwonjezera liwiro, imapitirirako kwa kanthawi. Fani, kapaipi ndi chipeso ndi zomwe zija za mu 2012. Kapaipi kameneka musakaone kuchepa. M'kati mwake muli timadzi pang'ono timene timasanduka nthunzi pa purosesa, nthunziyo n'kuthamangira kuchipeso, kukazizira, n'kubwereranso. Kali ndi muyezo wa kutentha kumene kangasenze. Mukapitiriza muyezowo, kaya mupake pesiti yodula bwanji, sikangathe. Walira mvula walira matope: ma core anayi munawafuna, kutentha kwake kwabwera nawo.

Malire a mapurosesa onse awiriwa ndi madigiri 105. Pa 103 muli pakhomo penipeni. Chondipweteka n'chakuti pamenepo mukuluza chimene munalipira. Tsegulani pulogalamu ya HWiNFO pamene mukutulutsa vidiyo, muyang'ane liwiro. i7-3720QM imayambira pa 2.6GHz ndipo imatha kufika 3.6GHz, koma ikatentha chonchi mudzaona ikugwa, kukwera, kugwanso, ndipo pamzere wa Thermal Throttling padzalembedwa Yes.

Choyamba, chimene sichifuna ndalama. Mu Control Panel pitani pa Power Options, kenako Change plan settings, Change advanced power settings, mupeze Processor power management. Pa Maximum processor state lembani 99 m'malo mwa 100. Nambala imodzi yokhayo imazimitsa Turbo Boost, purosesa siipitiriranso 2.6GHz. Pa makina amene ndachitapo zimenezi, kutentha kumatsika ndi madigiri 10 kapena kuposa. Ma core anayi oyenda mokhazikika pa 2.6GHz adzamalizabe vidiyo yanu msanga kuposa i5 yakale ija, ndipo sadzazima mkwati ali pakati povina.

Chachiwiri, chaja. Cha 65W chija chinali chokwanira i5. Pano pamafunika cha Lenovo cha 90W, cha mavoti 20. Chaching'ono chikapanikizika chimatentha mpaka osagwirika, ndipo makina amatha kudzichepetsera liwiro chifukwa magetsi sakukwana. Kuzima kuja mwina kunachokeranso kumeneko. Chenjerani ndi machaja opepuka ngati bokosi la machesi amene analembedwa 90W pamwamba pokha.

Chachitatu, ma T430 ena anabwera ndi Nvidia NVS 5400M, ndipo heatsink yawo inapangidwa kuti izisenza kutentha kochulukirapo. Mukaipeza kwa ogulitsa zida zophwasula, imalowa ndipo imathandiza.

Mukanandifunsa musanagule, ndikanakuuzani kuti mufunefune i7-3632QM kapena i7-3612QM. Nazo zili ndi ma core anayi, koma ndi za mawati 35, zofanana ndi imene munachotsa. Ine pa benchi yanga sindiika purosesa ya mawati 45 mu T430 mwini wake ndisanamufotokozere zonsezi, chifukwa amene amatukwanidwa vidiyo ya ukwati ikachedwa ndi iyeyo. Ngati 99 ija ndi chaja chatsopano sizitsitsa nambala kufika pansi pa 90, gulitsani purosesayo mugule ya 35.

Kwa ena amene mukuwerenga n'kumalakalaka kuchita zomwezi: yang'anani kaye ngati purosesa yanu imazuka. Kuyambira m'badwo wachisanu wa Intel Core, mapurosesa a malaputopu anawotchereredwa pa bolodi. T420, T430 ndi T440p ndi ena mwa makina omaliza amene mungasinthe ndi sikuludiraiva.

Amisiri, ndili ndi kashopu ka fotokope ndi kutaipa pa Nchalo. Laputopu yanga ndi HP EliteBook 840 G3. Chaka chatha anandiikira SSD yonga kandodo ija ya M.2, ndi batire lina lopanda dzina chifukwa loyamba linatha. Masana purosesa ikumakhala pa 70 ndikungotaipa, SSD pa 62. Imakhala pa chaja tsiku lonse. Masiku ano poyendetsera chala paja patukuka, ndipo sipakudinika bwino. Kodi ndi SSD?
*Mayi wa bizinesi, Nchalo*

Mayi, ndiyambe ndi mawu anu omalizawo, chifukwa ndi amene andidetsa nkhawa. Siyani kaye kuwerenga, zulani chaja, zimitsani laputopuyo. Potukuka paja n'kutheka kwambiri kuti ndi batire limene latupa. Batire la makina anu ndi lophwatalala ndipo limakhala m'kati, chakutsogolo, pansi pa pamene mumaika manja. Likakalamba kapena likapsa mtima ndi kutentha limatulutsa mpweya m'kati mwake, n'kufufuma ngati mandasi, n'kuyamba kukankha zonse zili pamwamba pake. Ikani laputopuyo patebulo losalala muone ngati ikugwedera, muyang'anenso ngati m'mbali mwayamba kuyasama.

Batire lotupa limatha kuyaka moto, ndipo mu shopu yanu muli mapepala okhaokha. Lichotsedwe lero. Musalibowole kuti mpweya utuluke, musalipsinje kuti libwerere, ndipo musalitaye kudzala kumene amatentha zinyalala. Liikeni m'chitini chachitsulo chokhala ndi mchenga, panja pamthunzi, kutali ndi ana, mpaka mutalipereka kwa mmisiri. Laputopu idzagwirabe ntchito pa chaja popanda batire, kungoti magetsi akathima nayo izima, choncho muzisunga ntchito yanu pafupipafupi.

Anthu timaopera purosesa chifukwa ndi imene ili ndi nambala yaikulu, chonsecho iyo inapangidwa kuti ipirire mpaka 100. Batire ndiye lofooka m'banjamo. Batire la lithium-ion ngati lanulo silifuna kutchajidwa pamwamba pa madigiri 45, ndipo chimene chimalikalambitsa msanga ndi kukhala lodzaza 100% pamalo otentha, tsiku ndi tsiku. Mmenemo ndi mmene lanu lakhalira. Kukhala lopanda dzina kwangowonjezera.

Tsono za 70 ndi 62. Makampani ambiri amalemba m'mabuku awo kuti laputopu izigwira ntchito pamalo osapitirira madigiri 35. Ku Chigwa cha Shire mu Okutobala ndi Novembala kunja kumadutsa 40, ndipo m'kashopu ka malata, fotokope ili kuyaka pambali, ndiye kumaposa pamenepo. Fani siipanga mpweya wozizira, imangotenga umene uli m'chipindamo. Chipinda chikakwera ndi madigiri 15, purosesa nayo imakwera ndi pafupifupi 15 omwewo. Laputopu yanu yomweyo itapita ku Dedza mu Juni ikhoza kumataipa pa 50. Ndiye 70 ya pa Nchalo masana sindikuiona ngati matenda. Iyezeni 6 koloko m'mawa musanayatse fotokope. Ikakhala m'ma 45 mpaka 55, makina ali bwino, vuto ndi chipinda.

SSD zambiri, kaya Samsung, Kingston kapena Crucial, malire ake ndi madigiri 70. Pa 62 muli m'kati, ngakhale mpata watsala wochepa. Za mtundu wa NVMe zimatentha kuposa za SATA, ndipo zikafika cha m'ma 70 zimadzichepetsera liwiro ngati purosesa. Kapilo kofewa kaja, koikidwa pakati pa SSD ndi chivundikiro chapansi, kamathandiza. Mukanakhala ndi hard disk bwenzi ndikuda nkhawa kwambiri, chifukwa zambiri malire ake ndi 55 kapena 60. Pulogalamu ya CrystalDiskInfo imakuonetsani kutentha ndi thanzi la SSD pamodzi.

Chotsani laputopu pafupi ndi fotokope ndi pawindo. Ikani zitsekerero ziwiri za mabotolo pansi pa ngodya zakumbuyo kuti mpweya uzilowa pansi. Kafani ka patebulo kolozetsa pa laputopu kamachita zambiri. Ntchito zikuluzikulu muzichita m'mawa. Ndamvapo ena akuyala kansalu konyowa pansi, ena mpaka kuika laputopu mufiriji. Musatero, mayi. Chinyezi chimene chimachita mame pa bolodi chimapha makina msanga kuposa dzuwa la ku Chikwawa.

Mukagula batire latsopano, funsani ngati makina anu ali ndi njira yoletsa kudzaza kupitirira 80%. Malaputopu ambiri a m'maofesi ali nayo: a HP mu BIOS (ma Settings amene mumalowamo poyatsa, Windows isanatseguke), a Lenovo mu Vantage, a Dell mu Power Manager. Ndikudziwa kuti ndi mmene magetsi amathimira, munthu amafuna batire lodzaza mpaka pakamwa. Koma kwa inu amene fotokope imaima magetsi akathima, 80 ikukwanirani kusunga ntchito ndi kutseka bwinobwino.

Ankolo, ndine wophunzira za unamwino. Chiwonjezereni RAM, pansi pa laputopu yanga pamafunda kwambiri ndikamawerenga pabedi usiku. Purosesa imakhala pa 75. Kodi ndigule cooling pad?
*Mtsikana wa ku Mzuzu*

Mwanawe, RAM ija mlandu wake ndi wochepa. RAM ya mtundu wa DDR3 imapirira mpaka madigiri 85, ndipo kufunda pang'ono pa kachitseko kake n'kwachibadwa. Wolakwa ndi bulangete. Malaputopu ambiri amakoka mpweya kuchokera pansi, ndiye ukaiika pa matiresi waitseka mphuno. Madigiri 75 pongowerenga manotsi, usiku wa ku Mzuzu, ndi umboni wake. Uyeze mawa ili patebulo uone kusiyana.

Cooling pad imatsitsa madigiri ochepa chabe, ndipo ambiri mwa madigiriwo amabwera chifukwa chongotukula laputopu, osati chifukwa cha timafani take. Ndalama imeneyo ndi bwino ukachotsetse fumbi.

Poti ukuphunzira za unamwino, samala ndi ntchafu zako. Pansi pa laputopu pakafika m'ma 44 kapena 45 sipawotcha nthawi yomweyo, koma ukaisanjika pakhungu maola ambiri usiku uliwonse, pamatuluka mawanga akuda olukana ngati ukonde, ofanana ndi mbala zimene agogo amakhala nazo m'miyendo chifukwa chootha moto. M'mabuku ako mawangawa akutchedwa erythema ab igne. Tenga thireyi ya tiyi yosalala kapena kathabwa, uike pamiyendo, laputopu pamwamba pake, ndipo uonetsetse kuti bulangete silikufika kumbali kumene kumatulukira mpweya.